Injini Imene Ndinasankhira Alamu

Injini ya galimoto yakale ya alamu anga, yokoka ndi mateyala onse anayi, itafa, alamuwo ananditenga ku Cuamba. "Inu mumawerenga mabuku, mukatisankhire."

Makaniko anationetsa injini ziwiri, nati yonyezimirayo imabwera ndi giyabokosi yake, yokoka kumbuyo kokha. Sindinamvetse, koma ndinagwedeza mutu ngati dokotala. Chonsecho mabuku angawo ndi a kawetedwe ka nkhunda.

"Yonyezimirayo," ndinatero.

Mvula itayamba, tinatitimira m'matope pa Itepela, mateyala akutsogolo ali phee. Feteleza wa mabanja asanu amene tinanyamula anasungunuka tikuona.

Mpaka lero alamu amatukwana makanikoyo. "Wakuba uja, alamu!"

Ine ndimangoti, "Eetu," maso ali pansi.