Chitseko Chimene Sichinagwere Achimwene

Kwathu ku Nsanje amati ndinatengera pakamwa pa azakhali anga, ndipo ine sindikana. Ndili mwana ndinkayankha aphunzitsi, nditakula ndinkayankha makondakitala a minibasi, ndipo pamene ndimagulitsa kaunjika palibe anandidyerapo masuku pamutu n'kuchoka osamva mawu anga. Koma tsiku limene pakamwa pangapa panafunika zenizeni, ndinatseka n'kugwira cholembera. Zaka zadutsa koma nkhaniyi imandiwawabe, ndiye lero ndiinene.

Anandilera ndi achimwene anga aakulu. Bambo atamwalira, iwo anabwera ku Blantyre kudzafuna ntchito. Anayamba ndi kunyamula matabwa ku Makata, kenako mdala wina wochokera ku Mozambique anawaphunzitsa ukalipentala. Atapeza kanyumba ka lendi ku Ndirande anabwera kudzanditenga. Ndi munthu wofatsa, wosachulutsa mawu, woti Misa ya m'mawa saphonya ngakhale mvula igwe chotani. Ankapanga mabedi ndi mipando, koma chimene ankanyadira ndi zitseko. Chitseko chilichonse akamaliza, ankasema kamtanda kakang'ono ndi tchizulo pakona ya m'munsi, pamene munthu sayang'anapo.

Ine ndinkawaseka. "Achimwene, ndiye kuti mbava ikaona kamtandako ibwerera?"

"Iwe chemwali, si ka mbava kameneko," ankatero. "Ndi kanga."

Shedi yawo inali m'kati mwa makwalala, kumene galimoto siifika. Monga amachitira akalipentala onse, katundu akatha ankamutsitsira kumsewu waukulu kuti anthu aone. Ine ndinkayala zovala zanga tsidya lina la msewu womwewo, moti tinkatha kukodolana.

Linali Lachisanu, nyengo yotentha ija mvula isanayambe. Achimwene anali atatsitsa chitseko cha mlombwa chimene mphunzitsi wina wa ku Machinjiri anaitanitsa. Anachigwira milungu iwiri, vanishi anauma m'mawa womwewo. Cha m'ma leveni tinangomva, "Abwera! Abwera!" Inali lole ya apolisi, kudzathamangitsa ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu. Amayi a tomato anasenza madengu, a chimanga chootcha anataya mbaula, ine ndinakokera zovala zanga m'chitenje. Aliyense anathawa ndi chake. Nanga chitseko cha mlombwa ungathawe nacho?

Achimwene anaima pomwepo atachigwira. Ndinawamva ndi makutu angawa akunena mwaulemu, "Bwana, ichi sichamalonda ayi, chili ndi mwini wake, akubwera kudzatenga."

Wapolisi amene anawayandikira anali wamtali, wa chipsera pachibwano. Anawamenya ndi ndodo pamkono, achimwene anagwada, dzanja lamanja linatsamira pansi. Munthu uja analiponda ndi jombo, n'kupotokola chidendene ngati akuzimitsa ndudu. Sanali kuthamanga, sanali kudziteteza, panalibe amene anamugenda. Anzake awiri anakweza chitseko mu lole, basi anapita.

Mayo ine, mmene ndinakuwira! Ndinatukwana mawu amene ndinakalapa nawo kwa ansembe. Koma lole inali itafika kale patali.

Ndinakulunga dzanja lija ndi bulauzi ya pa kaunjika wanga, tinakwera minibasi. Achimwene sanalire, ankangotuluka thukuta n'kumayang'ana pawindo. Alamu anga, akazi awo, anatipeza kuchipatala.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa koyamba. Bambo wolemba mayina pakhomo anafunsa kuti chachitika n'chiyani, ine ndi mkwiyo wanga ndinayankha mokweza kuti mzere wonse umve: "Amenyedwa ndi apolisi!"

Bambo uja anaika cholembera pansi. "Ngati amenyedwa, kalata ya kupolisi ili kuti?"

Aliyense wa m'tauni muno amazidziwa zimenezi, inenso ndinkazidziwa, kungoti mutu unali utaima. Munthu ukavulala pomenyedwa, umayamba wapita kupolisi kukatenga kalata, ndiye achipatala amakuthandiza bwinobwino. Akuti n'cholinga choti achifwamba asamabisale m'mawodi. Ndikanangoti agwa, bwenzi atalowa nawo nthawi yomweyo. Anawapatsa panado n'kumanga bandeji, koma zojambula mafupa ndi zoonana ndi dokotala anati zidikire kalata.

"Nanga ngati omenyawo ndi apolisi omwewo?" ndinafunsa.

"Kalata ndi kalata, mayi. Mukatenge kupolisi ya kumene zachitikira."

Namwino wina wachikulire ananditsatira pakhonde n'kundinong'oneza. "Mwana wanga, thamanga. Zala zija zayamba kuda, magazi sakufika. Dokotala wa mafupa akachoka folo koloko, ndiye mpaka Lolemba, ndipo likafika Lolemba dzanja limenelo adula."

Polisi yake sindiitchula. Nditafika ndinapeza lole ija itaima panja, madengu ndi mabeseni ali mulu. Amayi ena anali kuseri akunong'onezana ndi wapolisi, aliyense akumasula kansonga ka chitenje kuti apereke ya fanta awombole dengu lake. Ine ndinalunjika pa kauntala n'kufotokoza zonse monga zinachitikira. Wapolisi wa pa kauntala anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analowa m'kati. Amene anatuluka m'malo mwake anali wa chipsera uja, atasukusula kumaso, botolo la thobwa lili m'manja.

Anandizindikira, inenso ndinamuzindikira. Anakoka pepala n'kukhala pansi mwaufulu.

"Mayi, pepala ili lili ndi mzere wofunsa kuti munthu wavulala bwanji. Tilembepo chiyani?"

"Lembani zimene munachita."

"Ine ndachita chiyani?"

"Mwaponda dzanja la achimwene anga. Ndinalipo, ndinaona, ndipo Mulungu anaona."

Sanakwiye ayi, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa. Anangomwa thobwa lake n'kupukuta pakamwa. "Chabwino. Nkhani yokhudza wapolisi amasaina ndi abwana okha. Abwana achoka, abwera Lolemba. Khalani pa benchi ngati mukufuna."

Ndinakhala pa benchi. Pakhoma panali wotchi yaikulu, inkati thu koloko yadutsa pang'ono. Mumtima ndinkati, ine mwana wa ku Nsanje, sindinagonjerepo munthu, ndiyambire pa uyu? Ndinkaganiza kuti atopa, kapena abwera wina wachisoni. Analowa apolisi angapo, ena achizimayi ngati ine ndemwe. Ndinkawadandaulira mmodzimmodzi, onse ankangoyang'ana kwa mnzawo uja n'kudutsa.

Itatsala pang'ono kukwana fili koloko, foni inalira. Anali alamu, akulira. "Alamu, muli kuti kodi? Ndikuwatsina zala sakumva chilichonse. Chonde bwerani nayo kalatayo, zinazo tidzaona."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinadzuka n'kukaima pa kauntala.

"Lembani," ndinatero.

"Tilembe chiyani, mayi?"

Ankafuna kuti bodzalo lituluke m'kamwa mwanga. "Lembani zimene mukufuna."

Analemba pang'onopang'ono, kenako anandiwerengera: bambowa chinawagwera chitseko pamene ankachitsitsa pamsewu. M'munsi munali malo a mboni. Anandipatsa cholembera chake chomwe, chikadali chofunda. Ndinasaina dzina langa lonse, iye anadinda chidindo.

"Mwaona, mayi? Zinthu zimayenda tikamamvana. Mukawauze achimwenewo azisamala pantchito."

Sindinayankhe. Ine amene! Ndinatuluka n'kukwera kabaza wa njinga yamoto, misozi ikuuma yokha ndi mphepo.

Ndinafika dokotala akuvula kale chovala chake choyera. Anawerenga kalatayo, anamasula bandeji, anaona chidindo cha jombo chili pakhungu bwinobwino, mizere yake yonse. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Anangoti alowe nawo msanga.

Dzanja silinadulidwe. Zimenezo ndimathokoza mpaka lero, ndipo sindinama. Koma chala chachikulu ndi cholozera zinauma, sizipindika. Kalipentala wopanda zala ziwiri zimenezo sangagwire tchizulo, sangakankhe puleni, ngakhale msomali sangauimike. Achimwene anayesa miyezi ingapo, matabwa ankangoonongeka. Kenako anagulitsa zida zawo n'kuyamba kupaka vanishi m'mashedi a anzawo ndi dzanja lamanzere. Ena mwa anzawowo anaphunzitsidwa ntchito ndi iwo omwe.

Sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi. Nditawaululira zimene ndinasaina, anangoti, "Unachita bwino, chemwali. Pepala silikanandibwezera dzanja." Koma ine sindinkaona tulo, ndipo kufatsa kwawoko kunkandipsetsa mtima kuposa akanandikalipira.

Ndine ndinawakakamiza kuti tikadandaule. Kutchalitchi kwathu kunali bambo wina wodziwako za malamulo, anatithandiza kulemba kalata ya dandaulo. Ndinayenda msewu wonse uja kufunafuna mboni. Amayi a tomato amene tinkadya nawo mbale imodzi ankati, "Ife tinali titathawa, sitinaone." Mmodzi anandiuza zoona: "Asisi, inu mukapita kwanu, ife mawa tiyalanso pompano. Mukufuna tidye chiyani?" Sindinamuimbe mlandu. Ndikanayambira pati, ine amene ndinasaina?

Tinkapita, ankati bwerani sabata yamawa. Tinkapita, ankati faelo ili kwa abwana. Mvula inagwa, chimanga cha m'mphepete mwa phiri chinacha, anthu anakolola. Achimwene ankati tizisiye, ine ndinkati mlandu suola. Tsiku lina anatiitana kuti abwana aakulu atilandira.

Achimwene anavala jekete yawo ya ku Misa. Anatikhazika pa benchi yomwe ija, pansi pa wotchi yomwe ija. Moyang'anana nafe panali ofesi ya abwana, ndipo ndinadabwa kuti nyumba yonse ndi yakutha, makoma akuda, mawindo osweka, koma chitseko cha ofesiyo chokha chinali chatsopano, chonyezimira. Maso anga anatsika okha mpaka pakona ya m'munsi. Kamtanda kanali pomwepo.

Ndinawagunda ndi chigongono. "Achimwene!"

"Ndachiona kale," anatero chapansipansi. "Khala chete."

Abwanawo anali munthu waulemu, wa imvi, anatipatsa mipando n'kutifunsa za kunyumba. Anatsegula faelo, anatulutsa pepala lija n'kulitembenuzira kwa ine.

"Mayi, anasaina apa ndani?"

"Ndine."

"Alipo anakulozani mfuti?"

"Ayi, bwana. Anandikhazika pa benchi dzanja la achimwene likufa."

"Zimenezo sizinalembedwe apa. Apa palembedwa kuti chinawagwera chitseko, ndipo mboni ndinu. Ndiye ife tikhulupirire mayi ati, a tsiku lija kapena a lero?" Anavula magalasi. "Ndikuuzeni ngati mwana wanga. Kunama kupolisi ndi mlandu. Mukalimbikira kuti munanama, woyamba kulowa m'chitolokosi ndinu. Mnyamata mukumunenayo anasamutsidwa kalekale. Ine ndikuona kuti nkhaniyi ithere pano."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za chitseko, kuti ndiwafunse ngati chinayenda chokha kuchoka pamene chinagwera munthu mpaka kudzadzikhoma pa ofesi yawo. Mawu anali atafika kale pa lilime. Achimwene anaika dzanja lawo lopuwala lija pa bondo langa. Ndinamvetsa. Sankadziopera iwo eni, ankaopera ine ndi chitolokosi chija.

Anaimirira, anakonza jekete. "Zikomo, bwana, tamva." Anayenda mpaka pakhomo, kenako anaima. Anasisita thabwa lija ndi chikhatho kuchokera m'mwamba kutsika, monga ankachitira pofuna kumva ngati puleni yadutsa bwino.

"Bwana, chitseko chanuchi chikukhula pansi," anatero. "Amene anakuikirani anapendeketsa hinjesi ya m'mwamba. Chikapitiriza chonchi ching'ambika."

"Eya, chimavutadi," anayankha abwana, maso ali kale pa faelo ina. "Mukamatuluka mutsekeko."

Tinatuluka. Achimwene anatambasula dzanja lamanja mwachizolowezi kuti akoke chogwirira. Zala zinatereka. Anayesanso, zinaterekanso. Anaima pamenepo, munthu wamkulu, jekete ya ku Misa ili pathupi, apolisi a pa kauntala akuyang'ana.

"Chemwali," anatero osandiyang'ana, "uchinyamule pang'ono, ndiye ukoke."

Ndinachinyamula pang'ono, ndinakoka, chinatsekeka. Chimenecho ndicho chitseko chomaliza chimene achimwene anga anapanga.