Kompuresa ya Feggie wa ku Kapelula

Inu amene mwatopa ndi kuyesa, tamvani za Feggie.

Chaka chimene mwamuna wake Davison anamwalira, fodya anali asanathyoledwe. Banjali linachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ina ku Kapelula. Maliro atangotha, kapitawo anafika pakhomo chipewa chili m'manja.

"Pepani mayi, nyumbayi ikufunika. Kukubwera banja lina lodzasamala mundawu."

Feggie anatuluka ndi ana awiri, mtolo wa zovala ndi pampu ya njinga ya malemuyo. Kwawo kunalibe munda woti abwerereko. Anakhala patsinde pa mthethe m'mbali mwa msewu n'kuyamba kupopa ndi kumata matayala.

Amuna odutsa ankaseka. "Mzimayi kumata chubu? Tiona!"

Zigamba zake zoyamba zinkamatuka njinga isanapite patali, eni ake n'kubwerera akukankha, akulalata. Feggie ankapepesa n'kumatanso ulere. Manja anatuluka matuza mpaka anauma gwa. Likabwera tayala la ngolo, ankapopa mpaka msana kuchita ngati wathyoka. Koma m'mawa uliwonse ankapezeka pamthethe paja.

Patapita zaka, anthu a kabaza anayamba kulozerana kwa iye. Anapeza malo patauni yaing'ono ya kumeneko, pamene panali patangofika magetsi, n'kumanga nyumba ndi shedi kuseri kwake. Kenaka anamva kuti esiteti ija ikutsekedwa ndipo katundu akugulitsidwa.

Anapita. Zigafa zimene ankayanikamo fodya zinali zitagwa, udzu utamera mpaka m'chiuno. Anaima pamene ankakhala ndi Davison posoka masamba, mwamunayo akuimba nyimbo za kwawo, ana akugona pamasaka. Anali masiku a njala, komabe mtima unamupweteka powakumbukira.

M'galaja anapezamo kompuresa yofiira, makina opopera matayala a mathirakitala. Davison ankakonda kuima pakhomo la galajalo n'kumamvetsera ikulira. "Feggie," ankatero, "makina awa amapuma ngati ng'ombe."

Feggie anagulitsa mbuzi zake zonse, n'kuitengera kompuresayo kunyumba pangolo.

Anakapempha a Cornelius, amene kale anali makaniko wa paesitetipo, kuti amuthandize kuiika. Nkhalambayo inapukusa mutu. "Ine maso anatha, mwana wanga. Ndizinena, manja akhale ako."

Feggie anawaka kapulatifomu ka simenti pakona ya shedi, pafupi ndi windo kuti makina azipitidwa mphepo. Pansi pa miyendo ya makinawo anaikapo zidutswa za tayala kuti asamanjenjemeretse khoma. Wamagetsi anakoka waya wakewake wokhala ndi swichi. Mapaipi anawakhomera yekha m'khoma, motsetsereka pang'ono monga ananenera a Cornelius, kuti madzi obwera ndi mpweya azitsikira kukampopi ka kumapeto.

Tsiku loyatsa, anthu anadzaza pakhomo. Makina analira, muvi wa pageji yoonetsa kuchuluka kwa mpweya unakwera pang'ono n'kuima. Kunangomveka kuti tsiii, mpweya ukuthawa.

"Mbuzi zapita ulere!" anafuula wina, anthu n'kuseka.

Feggie anazimitsa makina. A Cornelius anangoti, "Tenga sopo ndi madzi."

Feggie anapaka thovu polumikizira paliponse mpaka anaona pamene pankatuluka tinthubwinthubwi. Anamasula, anakulunga tepi yoyera, anamanganso. Atayatsa, panapezeka pena pothawa mpweya. Anamasulanso. Oseka aja anatopa n'kumapita, koma iye anapitiriza mpaka dzuwa kupendeka.

Pomaliza muvi unakwera osaima. Mwadzidzidzi makina anangoti zii okha. Feggie anagwira kumutu.

"Mayo, yapsa!"

A Cornelius anaseka mpaka kutsokomola. "Sinapse ayi. Yakhuta! Thanki ikadzaza imazima yokha."

M'mawa mwake panaima lole yodzaza mabelo a fodya, tayala lakumbuyo litaphwa. Feggie analumikiza payipi. Tayala limene likanamutengera theka la tsiku linadzuka iye akuyang'ana, dalaivala asanamalize n'komwe kumwa madzi. Lole itachoka, analowa m'shedi, anakhala pambali pa makinawo n'kulira. Ankafuna Davison akanamva ng'ombe yake ikupuma pakhomo pawo.

Lero pakhomo pa Feggie pamaima malole, mathirakitala ndi njinga zamoto. Mwana wake wamkulu amapenta zitseko ndi mawindo pogwiritsa ntchito mpweya womwewo, wamng'ono ali kukoleji.

Tsono inu, ngati zimene munayamba zikuoneka kuti zikuphwa, musathamangire kunena kuti zatha. Mwina ndi pamalo amodzi chabe pamene pakuthawa mpweya. Pafuneni, pamangeni, muyatsenso. Oseka amatopa msanga. Inu musatope, ndipo musataye mtima.