Mdatchi wa Kuseri kwa Mpanda Wathu

Ndikakumbukira a Henki, chimayamba kundifika ndi fungo la fodya wa m'kaliwo losakanikirana ndi mankhwala amene ankapaka pa bondo lawo, fungo limene linkadutsa mpanda wa nkhadze n'kudzalowa m'khitchini mwathu madzulo aliwonse. Tinali titangosamuka kumene kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, monga ankasamukira ogwira ntchito m'boma zaka zimenezo, ndipo ku Area 10 kunali fumbi lofiira lokhalokha, mitengo ya m'mbali mwa msewu ikadali yolekeza m'chiuno, mathirakitala akulira ku City Centre kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

A Henki anali Mdatchi wamtali, wotsimphina mwendo wamanzere, amene anabwera kudzayala mapaipi a madzi a mzinda watsopanowo. Ankakhala okha. Akaweruka ankakhala pakhonde, wailesi ikulankhula chilankhulo chomveka ngati munthu watsamwa munga wa nsomba, maso awo ali pa geti yathu. Zimenezi amayi sankazikonda m'pang'ono pomwe.

"Mzungu wanji wopanda mkazi, wopanda galu, wosapita kukalabu kwa anzake?" ankatero akupeta mpunga. "Ameneyu anamuika dala pano."

Mantha awo sanali achabe. Masiku amenewo munthu ankatha kupita kuntchito osabwerako chifukwa cha mawu amene wina wakatula kwina. Bambo anga, a Gondwe, anali a ku Rumphi, ndipo mpando wawo kuofesi ambiri ankausirira, choncho mtima wa amayi unkangokhala uli m'mwamba.

Koma ine ndinali mtsikana wosamva kamodzi. Mpira wa alongo anga ukagwera kuseri, ndinkadzipereka kukautola podzera pa mpata wa mpanda, ndipo kumeneko a Henki ankandisimbira mbiri yawo m'Chichewa chothyokathyoka chimene anatola kwa okumba ngalande. Ankati anayambira mpira m'timu ya tauni yaing'ono, kenako timu ya mumzinda waukulu inawatenga, n'kukhala zaka zambiri akutchinga kumbuyo. Timu ya dziko lawo inawaitana kangapo, mpaka tsiku lina mdani anawatchera pa bondo, mpira n'kuthera pomwepo. Anandionetsa jezi yosuluka ya mtundu wa lalanje. Nditafunsa kuti anagoletsa zigoli zingati, anaseka mpaka kutsokomola.

"Ine kugoletsa ayi. Ine ntchito kuletsa."

Nditakawauza amayi, anandiyang'ana ngati ndawabweretsera nsomba yowola. "Jezi? Pamsika ku Old Town ungagule ngakhale mkanjo wa bishopu. Wosewerera dziko angadzakumbe ngalande ku Lilongwe kuno?" Kunena zoona, nanenso ndinkakayika. Sindinawaonepo akumenya mpira. Ukawafika ankangouponda, n'kuutola ndi manja.

Munthu amene pakhomo pathu tinkamukhulupirira anali a Kumwenda, mnzawo wa bambo kuchokera ku Zomba, mkulu wa mpingo, woseka ndi aliyense. Lamlungu lililonse masana ankabwera ndi maswiti m'thumba la jekete, ndipo iwo ndi bambo ankakhala pakhonde n'kumamwa tiyi, akukamba m'Chitumbuka motsitsa mawu za amene akwezedwa, amene achotsedwa, ndi chifukwa chake.

Lamlungu lina a Kumwenda atangotuluka, ine ndikuchotsa makapu, a Henki anatsimphina kufika pampanda n'kuitana bambo, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Bambo Gondwe, mnzanu uja, samala."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ine ndalonda anthu m'bwalo zaka zambiri. Maso amanama, pakamwa pamanama, mapazi ayi. Uyu nkhope ili kwa inu, mapazi ali ku geti. Iye afunsa, inu muyankha, iye wakonzeka kale kuthamanga. Sanabwere kucheza."

Bambo anavula magalasi pang'onopang'ono. "Ndiye kuti nthawi yonseyi mwakhala mukutiyang'ana?"

"Chizolowezi. Sinditha kusiya."

"Zikomo, bwana. Koma mlendo wanga ndimamudziwa ndine."

Amayi, amene anamva zonse ali pazenera, sanadikire kuti bambo akhale pansi. "Mwaona? Wavomera yekha. Akufuna atidanitse ndi abale athu kuti atidye bwino." Madzulo omwewo mpata wa mpanda uja anautseka ndi minga.

Koma mawu akalowa m'khutu satulukanso. Lamlungu lotsatira ndinawaona bambo akuyang'ana pansi pa tebulo, tiyi akuzizira m'kapu, mafunso akuwayankha ndi mutu wokha. Nanenso ndinasuzumira. Nsapato za a Kumwenda zinalozadi ku geti, komatu mpando umene ankaukonda unkayang'ana komweko, ndiye ndani akanadziwa?

"Mwatani lero, a Gondwe?" anafunsa a Kumwenda akumwetulira. "Kapena ndakulakwirani?"

Mvula isanayambe, m'mawa wina tikumwa phala, panafika galimoto ya anthu amene sanatchule mayina awo, ndipo bambo anapita nawo atavala malaya a kuntchito. Nyumba ija inali ya boma, choncho anatitulutsa. Katundu wathu anatinyamulira pa galimoto yawo ndi a Henki, amayi atakhala kutsogolo ngati chitsa, osalankhula nawo mpaka ku Kawale. Chimanga chimene tinadya chaka chimenecho ankatibweretsera ndi a Kumwenda, amene tsopano ankakhala pa mpando wa bambo kuofesi. Onse awiri anatichitira zabwino, ndipo ndicho chinkandiwawa kwambiri.

Bambo anabwerako ataonda, tsitsi litayera, a Henki atabwerera kale kwawo. Amayi mpaka imfa yawo ankati anatigulitsa ndi Mdatchi. Bambo sankatchula dzina la mmodzi wa awiriwo, ndipo ukawafunsa ankadzuka n'kupita kukathirira ndiwo kudimba.

Lero ana anga amati nkhani ya mpirayo akhoza kuifufuza pa foni, aone ngati a Henki anasewereradi dziko lawo. Ndimawakaniza. Ngati ankanena zoona pa za mpira, ndiye kuti mwina ankanenanso zoona pa za mapazi, ndipo zikatero chimanga chimene chinatipulumutsa chinachokera m'manja amene anapereka bambo anga.

Chimene sinditha kuchikaniza ndi maso angawa. Mwana wanga wamkazi atabweretsa mnyamata woti amange naye banja, ndinamulonjera bwino, ndinamuthirira tiyi, koma maso anali pansi pa tebulo. Mapazi ake analoza kukhomo. Papita zaka zambiri, ali ndi ana akuluakulu, sanandilakwirepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndikadwala amafika ndi iyeyo ana anga enieni asanafike. Koma mkamwini wangayo, mpaka lero, sindinamuuzepo kanthu ka kumtima.