Makolo a Selvarasu Anakhuta

A Selvarasu, oyandikana nafe nyumba, adula masamba a nthochi zaka makumi atatu. Ukwati uliwonse kuno anthu amadyera pa tsamba lawo. Mukangotchula masamba apepala obiriwira a m'sitolo aja, amalavula pansi, ati wodyera papepala ndi mbuzi.

Mdani wawo ndi kagulugufe kakhaki, ka maso psuu ngati kachokera ku mowa. Kamaikira mazira patsamba, mbozi yake n'kulicheka m'mphepete, kulikulunga ngati ndudu, n'kukhala m'katimo ikudya nyumba yake yomwe. Kale sankada nako nkhawa. Akhwangwala ankaboola nduduzo n'kutolamo mbozi, mwaulere.

Ndiye bambo awo anamwalira. Ali moyo, mkuluyo ankalandira phala lozizira pakhonde. Atapita, mwana anakumbuka ulemu. Kuno timati makolo omwalira amabwera ngati akhwangwala, ndiye tonse timaikira mbalamezi kampunga pang'ono kuti makolo adye, koma a Selvarasu ankayala tsamba lathunthu m'mawa uliwonse, mpunga wonyezimira mafuta, pampanda woyang'ana kumsewu kuti nafenso tione. Akhwangwala ananenepa. Kumunda analeka kupita. Wokhuta ndani angakasake mbozi?

Kutatsala sabata ziwiri kuti mwana wawo Valarmathi akwatiwe, alendo mazana anayi ataitanidwa kale, munda wonse unali ndudu lendelende. Masamba osang'ambika sanakwane makumi asanu. Kwa anzawo odula masamba kunalibenso, poti unali mwezi wa maukwati.

Akazi awo, a Ponnamma, anati mbalamezo zikhale ndi njala masiku ochepa, mwina masamba anthete angapulumuke. Ine ndinali kuseri kwa mpanda, ndikuyanika zovala zouma kale.

"Ndimane bambo anga chakudya, anthu akuona?"

"Munkawamana ali ndi mano, bambo a Valarmathi. Asiyeni akagwireko ntchito kumunda, ukwatiwu ndi wa mdzukulu wawo."

Sanamve. M'mawa mwake anawonjezera mpunga, kuti makolo achitepo kanthu.

Tsiku la ukwati tinadyera papepala. Masamba enieni aja anayalira akuchimuna okha, ife tonse a pamsewu uno mbuzi. Ndinadya bwino ndithu, ndipo a Selvarasu podutsa ndi msuzi ndinangolira mee kamodzi, chapansipansi.

Tsamba labwino koposa, lopanda bowo, anali ataliyala pampanda. Makolo anafika nthawi yake.