Liwiro Lobwereka kwa Filomena

Ndikukumbukira m'mawa wina wa nkhungu, ndili Sitandade 7 pasukulu ina kufupi ndi Bembeke. Aphunzitsi athu, a Chimtengo, analowa m'kalasi akutikita manja chifukwa cha chisanu, n'kutiuza zimene anamva pawailesi. Chombo cha m'mlengalenga cha ku Amereka chinadutsa pafupi ndi dziko la Jupita, Jupitayo n'kuchikoka, ndipo chinachokapo ndi liwiro loposa limene chinabwera nalo, osawononga mafuta.

Ndinaimika mkono. "Aphunzitsi, zimenezo sizingatheke. Bambo akamatsika chigwa panjinga ndi thumba la kachewere, liwiro lonse limakathera pachitunda cha tsidya linalo."

Masiku amenewo wamkulu sankatsutsidwa, ndipo ngakhale akuluakulu ankayamba acheuka asanayankhule. Maso anga anali pa chikwapu cha pichesi chimene chinali patebulo.

"Tuluka," anatero aphunzitsi. "Nonse tulukani."

Tinakaima pabwalo la mpira. Aphunzitsi anaitana Filomena, mtsikana wamtali amene ankasiya ngakhale anyamata pa mpikisano wothamanga. Poyamba anamuimika chilili. Ine ndinathamanga monga anandiuzira, kukola mkono wake, kuzungulira n'kumusiya. Ndinangokhota basi, liwiro lomwe lija.

"Tsopano Filomena athamange," anatero aphunzitsi. "Iwe ubwere chopingasa, umukole pamene akudutsa."

Ndinamukola. Anandinyamula ngati mphepo yatsomphola chitenje pachingwe. Nditamusiya, miyendo inalephera kulondola thupi, ndipo ndinakagwera m'mizere ya nyemba kuseri kwa golo, dothi lozizira lili m'kamwa. Kalasi yonse inakuwa.

"Chigwa cha bambo ako chimangokhala pamodzi," anatero aphunzitsi akundidzutsa. "Jupita sakhala, amathamanga. Chombo chija chinatapa liwiro lake."

Filomena, ali wefuwefu, anadandaula kuti ndamubweza m'mbuyo.

"Eya, nayenso Jupita anabwezedwa, koma pang'ono zedi poti ndi chimphona." Kenaka aphunzitsi anatembenukira anzanga, akundiloza. "Nonsenu munangovomera. Amene wamvetsa ndi uyu, chifukwa anayamba wakana."

Ndinabwerera m'kalasi mawondo atasupuka, koma ndikuyenda ngati ndasankhidwa kale kupita ku sekondale. Ngakhale anyamata a kumbuyo anandipatukira pakhomo.

Lero ndimaona kuti a Chimtengo akanatha kunditseka pakamwa ndi mawu amodzi, monga zinkachitikira paliponse m'dziko muno. Iwo anasankha kusiya phunziro lonse la m'mawa kuti mwana wamkazi wa mlimi akhutire. Kuyambira tsiku limenelo sindinaopenso kufunsa.