Tsiku limene amake Ezra anandiletsa ng'oma

Amake Ezra, dzina lawo Ednah, ndi mlangizi wathu kuno ku Kanakantapa, ndipo ine Nelesi ndawaimbira ng'oma zaka makumi awiri. Mtsikana akafuna kulowa m'banja timamutsekera m'nyumba masiku angapo, iwo kulangiza, ine ng'oma pakati pa miyendo. Masiku ena onse ndi mlimi ngati ife tomwe, tomato ndi repu kudimba. Langizo lawo lomaliza silinasinthepo: za m'nyumba sizituluka pakhomo, mkazi amameza.

Chaka chatha anandidabwitsa. Munthu wa zidzukulu zinayi kukalembetsa sukulu ya akuluakulu, ati dipuloma ya saikoloji, maphunziro a maganizo a munthu! Pakati pa sabata amawerenga pa foni atakhalira ndowa kudimba, Loweruka lina n'kukwera minibasi ya ku Lusaka. Ndinawaseka mpaka nthiti kuwawa.

"Amake Ezra, mano akutha m'kamwa, ndiye mukufuna yunifomu?"

Iwo anangoti akufuna kudziwa chifukwa chake ana amene timalangiza bwinobwino ena amafota m'manyumba. Ine ndinati ndi ulesi wa ana a masiku ano, palibenso china.

Uthenga unabwera Lachiwiri m'mawa, kuchokera ku mapuloti atsopano a ku Chongwe. Kumeneko kunakwatiwa Towela, mtsikana amene tinalangiza ife, kwa Fidelis wogwira ntchito ku Lusaka. Anali ndi khanda la masabata asanu ndi limodzi, dzina lake Mwai. Apongozi ake, amake Fidelis, anatuma mawu ochepa: bwerani mudzaone munthu wanu. Kwa mlangizi mawu amenewo ndi mbama. Akuti sakusamba, sakusesa, mwana akalira iye maso ali pakhoma. Banja linali litagamula kale kuti akapanda kumva mwambo tsiku lomwelo, akwera basi kubwerera kwawo ku Petauke, mwana n'kutsala ndi agogo ake, azimwa mkaka wa m'botolo.

Ndinapsa mtima, osati pang'ono. Ndinakulunga ng'oma m'chitenge ndikuti lero mwana uyu andiona, sangatichititse manyazi chonchi.

Tinapeza Fidelis atakhala m'galimoto pabwalo, akuyang'ana wotchi. Kuchipinda kunali azimayi atatu achibale, ndi amake Fidelis ataima pachitseko, khanda lili m'manja. Chikwama cha Towela chinali chomangidwa kale. Mwini wake anali pansi, miyendo atatambasula, mutu atazolika, ndendende mmene tinamuphunzitsira. Anali atawonda moti mphete inkasewera pachala.

Nditangoimenya ng'oma kawiri, dzanja la amake Ezra linali litafika pachikopa. Zaka zonsezi sanachitepo zimenezi. Ndinawaponyera diso, iwo osandilabadira.

"Towela, mwanangu, unagona bwino liti komaliza?"

Zii.

"Nanga kudya, ukudya?"

Zii.

"Mwaona?" anatero amake Fidelis. "Ni matama chabe aya. Ise tinabala bana asanu, kumunda tinali kuyenda. Mulangizeni manje, Fidelis afunika kubwelela kunchito."

Panja Fidelis analiza hutala ya galimoto. Azimayi aja anayamba kung'ung'udza, wina mpaka kunena kuti mlangizi wake sukulu yamuzunguza mutu. Ndinanong'oneza kuti amake Ezra, yambani nyimbo, tikuthera pano. Iwo anafunsanso, modekha ngati alibe kopita.

"Ndiuze chimene chikukudya mumtima."

Towela anadzutsa mutu pang'ono, mawu ake ngati a munthu wodwala.

"Amai, si ndimwe munanipunzisa kuti za m'nyumba sizichoka panja? Nameza."

Mayo ine! Amake Ezra anatsika pampando, mlangizi wathunthu, n'kukhala pansi pafupi ndi mwana uja, azimayi onse akuona.

"Ezra wanga atabadwa," anatero, "ndinatha miyezi itatu ndikumuopa. Akalira ndinkatseka makutu. Tsiku lina ndinaima pachitsime nthawi yaitali ndikuyang'ana m'madzi. Sindinauze munthu, chifukwa nanenso anandilangiza kumeza. Nelesi uyu ankandibweretsera phala, akuti ndili ndi malungo."

Ndinakumbukira phala lija. Ndinkalithira nsinjiro kuti mwina adya. Manyazi anandigwira.

"Kusukulu ndi kumene ndamva kuti ndi matenda, amagwira azimayi ena akabereka, ndipo amachizika. Ndamva ndili ndi imvi. Iwe usadikire imvi. Lankhula."

Towela anaphulika kulira, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa.

"Nimuyopa! Nikamunyamula niona monga nizamugwesa. Sinigona, nimvela chabe ngati apuma. Nimusiya kuti nisamupweteke. Nimukonda, amai, osanitengela mwana wanga!"

Amake Fidelis sanasunthe pachitseko. Nkhope inali gwa.

"Manje imwe mwabwela kulangiza olo kunyengelela? Ngati ni so, nindani azakupasani futi mwana wake?"

Funso limenelo linali la ine ndi amake Ezra, ndipo ndinkadziwa kuti likafika kumpingo lisanafike Lamlungu. Amake Ezra anawayang'ana ali pansi pomwepo.

"Amake Fidelis, ine sindine dokotala, ndangoyamba kumene. Oona bwino ndi anesi. Galimoto ili panjayo ipite kukiliniki, osati kokwerera basi, ndipo ine ndikwera nawo. Koma ichi chokha ndikuchidziwa. Mwana uyu sanaphonye mwambo. Wausunga wonse, ndipo ukanamupha. Ngati mukufuna wom'bweza kwawo, bwezani ine."

Hutala inaliranso, motalika. Khanda linadzidzimuka n'kuyamba kulira. Amake Fidelis analigwedeza, n'kuyang'ana chikwama chija, n'kuyang'ana mpongozi wawo, amene bulauzi yake inali itanyowa kale ndi mkaka. Amake Ezra anatambasula manja kuti alandire khanda.

Amake Fidelis anayenda mapazi atatu, n'kuwerama, n'kuika Mwai pamiyendo pa Towela. Towela anabweza manja kumbuyo ngati aona moto.

"Nizamugwesa."

Amake Ezra anagwira manja akewo, n'kuwalowetsa pansi pa khanda, awo n'kuwaika pansi pa ake.

"Sagwa. Tamugwira awiri."

Ndinakankhira ng'oma kukhoma, ndinakwawa ndi maondo anga okalambawa, n'kuikapo anga.