Kathumba Kachikasu ndi Amalume a ku Bangwe

Ndikukumbukira fungo la thaulo lonyowa ndi magazi. Ndinali mu Sitandade 3, tikukhala ku Bangwe, pamene ndinayamba kutuluka kamfuno kosaleka. Amayi anayesa zonse, madzi ozizira pamutu, kutsina mphuno, pemphero, koma ayi ndithu. Nkhama nazo zinayamba kutuluka magazi, miyendo ili madonthomadontho. Kuchipatala m'tauni adokotala anati m'magazi mwanga mwachepa tinthu tothandiza magazi kuundana, totchedwa mapulateleti, ndipo ndikapanda kuwonjezeredwa msanga ndifa.

Anapempha achibale kuti apereke magazi. Apa m'pamene ndinadziwira kuti mtundu wathu wonse ndi wa odwala. Azakhali anali ndi bipi, asuweni anali pa kusala kudya, wina chizungulire chinamugwira atangomva nkhaniyo. Anthu omwewa pa ukwati amavina mpaka fumbi koboo! Anatsala ndi amalume, mchimwene wa amayi, mwini mbumba, wogulitsa kaunjika pamsika. Anapereka, ndisawanamizire. Koma Bangwe yense anamva. Kathonje ka pamkono anakasunga mpaka kanada bii, kuonetsa aliyense mu minibasi.

Mawa lake anesi anabwera ndi kathumba. Osati kofiira ayi, kachikasu, ngati skwashi wa chinanazi wochulutsa madzi. Amalume anadzambatuka pa benchi.

"Sisitala, ichi n'chiyani? Ine ndinapereka magazi, inu mukubweretsa madzi? Ofiirawo mwagulitsa kuti?"

Anesi anafotokoza mofatsa kuti magazi amawazunguza m'makina kuti alekane, ndipo wodwala amapatsidwa gawo lokhalo limene akusowa. Aaa, amalume sanamve n'kamodzi komwe. Nkhani za anamapopa, anthu oba magazi aja, anali atazimva kale pamsika, ndiye kwa iwo umboni unali utapezeka. Anaima pakati pa bedi ndi chitsulo chopachikapo diripi, manja ali m'chiuno, nati mbumba yawo sithiridwa madzi iwo ali moyo. Azakhali a bipi aja mphamvu zinawabwerera mwadzidzidzi, anayamba kupinda mabulangete kuti tipite kwa mneneri wina ku Machinjiri. Ine ndili gone, ndikumeza magazi anga omwe, m'kamwa mukukoma dzimbiri. Ndinachita mantha, osati masewera.

Amayi anali munthu woti popereka madzi kwa mchimwene wawo amagwada. Tsiku limenelo sanagwade.

"Achimwene, mwanayu ndinabereka ndine. Sisitala, ikani."

"Iwe, ukuyankha ine?"

"Ndayankha. Sunthani."

Anasuntha, akutukwana mpaka pakhonde. Madzi aja analowa mumkono ali zii, ndipo pofika madzulo kamfuno kanaleka. Amalume anasiya kuponda pakhomo pathu, ndipo pa maliro alionse amayi ankalozedwa kuti ndi mkazi wamwano uja. Zinkawawawa, ndinkawaona akudya okha kuseri. Koma amalume atandiona ndikusewera fulaye pamsewu, nyimbo inasintha. "Magazi angatu awa!" ankatero, akudziguguda pachifuwa. Ndinadzamva nditakula kuti kathumba kaja sikanali kawo n'komwe. Magazi awo anangokalowa m'malo mwa ena kosungira magazi, wondipulumutsa anali munthu wina amene sitinamuonepo.

Lero zinthu zinasintha. Inenso ndikapita kukapereka magazi, ndimakhala pa mpando wofewa, makina akung'ung'udza pambali. Amakoka magazi, kupatula achikasuwo, ofiira n'kundibwezera m'thupi pomwepo ndikuona. Koma anthufe sitinasinthe kwenikweni. Mphekesera za anamapopa tsopano zimayenda pa foni, ndipo achibale amadwalabe bipi akamva za singano.

Mwana wodzalandira kathumba kanga sindidzamudziwa. Ndimangopemphera kuti akhale ndi mayi wolimba mtima, ndi kuti tsiku limenelo amalume ake minibasi iwafere ku Limbe.